LAISENSI YA NYUMBA ZA LENDI KU MANGALANDE

Omvera ambiri a wailesi ali ndi mwana, mlongo kapena mphwao amene anaoloka nyanja kunka ku Mangalande. Ena anapita kukaphunzira, ena akugwira nchito m'zipatala ndi m'nyumba zosungiramo nkhalamba. Mwana akatumiza mau kuti wapeza nyumba ku Manchester kapena ku Leeds, makolo ace amaganiza za nyumba yathunthu, ya khomo lace ndi bwalo lace. Koma kawiri-kawiri imene iye aicha nyumba ndi cipinda cimodzi cokha. M'zipinda zinazo mugona anthu ena amene sanawadziwe ndi kale lomwe, ndipo onsewo aphikira pa mbaula imodzi, nasamba m'bafa limodzi, nalowa m'cimbudzi cimodzi. Amene anakhalapo pa mdadada m'makomboni a mu Lusaka adziwa makhalidwe otere. Kusiyana kwace nkwakuti ku Mangalande zipindazo zisanjikizana pansi pa denga limodzi, ndipo khomo loturukira kunja liri limodzi.

Nkhani ya lero ndi ya nyumba zimenezi, ndi ya ndalama zimene eni ace alipira kwa Khonsolo ya mzinda kuti aloledwe kuikamo anthu. Poyamba ingaoneke ngati nkhani ya eni cuma okha. Si cotero iai. M'kati mwace muli funso lakuti mwana uja agona pabwino kodi, ndiponso lakuti lendi yace ikwera cifukwa ninji.

NYUMBA YA MAKOMO AMBIRI

Lamulo la ku England licha nyumba yotere House in Multiple Occupation, ndipo anthu amafupikitsa dzinali nati HMO. Nyumba ilowa m'gulu limeneli pamene mukhala anthu atatu kapena oposa, amene sali a banja limodzi, nagawana mophikira, mosambira kapena cimbudzi. Mwamuna ndi mkazi wace, ana ao ndi abale ao awerengedwa banja limodzi. Koma abwenzi atatu, angakhale acokera mudzi umodzi nadya nsima m'mbale imodzi, lamulo liwayesa mabanja atatu.

Nyumba zotere si za lero. M'zaka za m'ma 1950 kunali munthu wina ku London dzina lace Peter Rachman, amene anagula nyumba zakale zambiri ku Notting Hill, nazidula m'tizipinda, naunjikamo anthu osauka, ambiri a iwo alendo ocokera ku zisumbu za West Indies amene eni nyumba ena anali kuwakana cifukwa ca khungu lao. Iye anamwalira mu 1962, koma mbiri ya nkhanza zace inamveka m'dziko lonse, kotero kuti kufikira lero dzina lace ndilo mau a Cingelezi onenera mwini nyumba wodyera alendi masuku pamutu.

Coopsa coposa m'nyumba zotere ndi moto. M'nyumba ya banja limodzi, wina akamva utsi adzutsa onse. M'nyumba ya makomo ambiri yense akhoma citseko cace, ena aphikira m'cipinda momwe agona, ndipo palibe adziwa ngati mnzace wa pamwamba alimo kapena wapita ku nchito ya usiku. Mu March 1999 anyamata awiri ophunzira anafa ndi moto m'zipinda za pansi pa nyumba ina ku Glasgow. Mazenera anali ochingidwa ndi zitsulo, ndipo munalibe belu la utsi logwira nchito. Imfa imeneyi inautsa mitima ya anthu, ndipo mu 2000 dziko la Scotland linalamula kuti nyumba zotere zikhale ndi laisensi. Cakudza siciimba ng'oma, anatero akale. Lamulo la laisensi linabadwa kuti anthu asadikire maliro ena.

LAMULO LA 2004

Ku England ndi ku Wales lamulo lalikuru pa nkhaniyi ndi Housing Act ya 2004, ndipo mbali yace ya laisensi inayamba kugwira nchito mu April 2006. Poyamba inakhudza nyumba zazikuru zokha, za nsanjika zitatu kapena zoposa, zokhalamo anthu asanu kapena oposa. Tsono zinaoneka kuti eni nyumba ena analikuunjika anthu m'nyumba zazing'ono zimene lamulo silinazifikire. Cifukwa cace, kuyambira pa 1 October 2018, ku England nyumba iri yonse yokhalamo anthu asanu kapena oposa a mabanja osiyana ifunika laisensi, ingakhale ya nsanjika imodzi.

Laisensi si pepala logulidwa cabe. Khonsolo iyenera kukhutira kuti mwini nyumba, kapena kapitao wace woiyang'anira, ndi munthu woyenera: amene anatsutsidwapo pa milandu ya cinyengo, ya ciwawa, ya mankhwala oledzeretsa kapena ya kuswa malamulo a nyumba akhoza kukanizidwa. Mwini nyumba aonetse caka ndi caka kalata ya mmisiri wa gasi, aike mabelu a utsi ndi kuwasamala, asunge bwino zipangizo za magetsi, ndiponso apatse mlendi ali yense kalata ya mapangano ao. Laisensi ichula ciwerengero ca anthu ololedwa kukhala m'nyumbamo, ndipo siipitirira zaka zisanu.

Lamulo la 2018 linaikanso muyeso wa zipinda. Cipinda cogona munthu mmodzi woposa zaka 10 cisacepere masikweya mita 6.51, ndiko kunena ngati mapazi 7 m'mimba ndi mapazi 10 m'litali. Ca anthu awiri cisacepere 10.22, ndi ca mwana wosafika zaka 10 cisacepere 4.64. Kacipinda kocepera apa nkosungiramo katundu, osati kogonamo munthu.

Pamwamba pa laisensi yokakamiza imeneyi, Khonsolo iri ndi mphamvu yoonjezera mitundu ina iwiri. Ikhoza kulamula kuti nyumba za anthu atatu kapena anai nazonso zikhale ndi laisensi, monga inacitira Khonsolo ya Oxford kuyambira mu 2011. Ikhozanso kusankha dera limene nyumba zace ziri zoipa, nilamula kuti nyumba iri yonse ya lendi m'deralo ilembedwe, ingakhale ya banja limodzi. Khonsolo ya Newham, kum'mawa kwa London, ndiyo inayamba kucita zimenezi m'dera lace lonse mu January 2013. Kuyambira mu 2015 Khonsolo yofuna kuphimba gawo lalikuru la mzinda inayenera kupempha cilolezo kwa Nduna ya Boma, ndipo mu 2020 mzinda wa Liverpool unakanizidwa kupitiriza laisensi yace ya mzinda wonse. Koma mu December 2024 Boma linacotsa lamulo lopempha cilolezolo, ndipo makhonsolo anatsala ndi ufulu wodzigamulira okha, malinga ayambe afunsa anthu okhudzidwa.

MTENGO WA LAISENSI

Apa ndipo pagona mkangano. Nyumba ya Malamulo siinaike mtengo umodzi wa dziko lonse. Inangonena kuti Khonsolo iri yonse iike malipiro ace, poyang'ana ndalama zimene imaononga pa nchito ya laisensi. Motero mtengo usiyana mzinda ndi mzinda. Kwina uli mapaundi mazana angapo, kwina uposa £1,000, makamaka m'London. Makhonsolo ena alipiritsa nyumba yonse mtengo umodzi, ena awerenga zipinda. Ena acepetsako mtengo kwa mwini nyumba amene analembetsa msanga kapena amene anaphunzira zosamala alendi, nakwezera amene anacita kugwidwa. Zikhoza kucitika kuti nyumba ziwiri zopenyana pa mseu umodzi zilipira mosiyana, popeza malire a makhonsolo awiri apita pakati pa mseuwo.

Ciripo cinthu cimodzi cimene lamulo likaniza: laisensi isasanduke msonkho wopezerapo phindu. Ndalama zace nzolipira alembi olandira mapempho, oyendera nyumba amene ayesa zipinda ndi kuona zitseko zochinga moto, ndi amene asaka-saka nyumba zobisika. Sizingatengedwe kukakonzera miseu kapena kukamangira sukulu.

Ndipo pa nkhani ya nthawi yolipira, mabwalo a milandu analowererapo. Munthu wina wochedwa Gaskin, mwini nyumba yotere ku Richmond upon Thames, atafuna kukonzanso laisensi yace anauzidwa kuti alipire £1,799 pamodzi ndi pempho lace. Iye anakana kulipira zonsezo, ndipo mlandu unafika ku Bwalo Lalikuru. Mu 2018 oweruza anagamula kuti kubwereketsa zipinda ndi malonda otetezedwa ndi lamulo la ku Ulaya lonena za malaisensi, ndi kuti pa tsiku lopereka pempho Khonsolo iyenera kulandira ndalama zoyendetsera pempholo zokha. Zolipira nchito yoyang'anira ndi kulanga osamvera siziyenera kufunidwa kwa munthu amene sanapatsidwe nkomwe laisensi. Ciweruzo cimeneci cinatsata mlandu wina wa eni masitolo a ku Westminster, wochedwa mlandu wa Hemming, umene unafika ku Bwalo la ku Ulaya mu 2016. Ndico cifukwa cace makhonsolo ambiri agawa malipiro pawiri: gawo loyamba popereka pempho, laciwiri laisensi ikabvomerezedwa. Britain inaturuka m'cigwirizano ca maiko a ku Ulaya mu 2020, koma mwambo wa zigawo ziwiriwu unatsala.

MAU A ENI NYUMBA NDI MAU A KHONSOLO

Eni nyumba ali ndi madandaulo ao, ndipo si onse opanda pace. Bungwe lao lalikuru, National Residential Landlords Association, limene linapangidwa mu 2020 pamene mabungwe awiri anaphatikizana, limawanenera kawiri-kawiri. Iwo ati amene alembetsa ndi kulipira ndi anthu osunga lamulo, pamene oipa enieni abisala osalipira kanthu. Tsono wolungama alipirira kusaka wocimwa. Atinso makhonsolo ena alandira ndalama koma acedwa miyezi yambiri kupereka laisensi, ndipo kuli nyumba zimene woyendera safikako msanga. Ndiponso afunsa cifukwa cace nchito yofanana ikhala ya mtengo wina kuno ndi wina uko.

A Khonsolo nawo ayankha motere. Woyendera nyumba ndi munthu wophunzira, wofuna malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo kuyambira mu 2010 ndalama zimene Boma lalikuru limapatsa makhonsolo zinacepetsedwa kwambiri. Ngati eni nyumba salipira nchito yoyendera, adzalipira ndi anthu onse a mumzinda ndi msonkho wao, pamodzi ndi amene alibe nyumba ngakhale imodzi. Kodi si coyenera kuti wopindula ndi malonda asenze mtengo woyang'anira malondawo, monga acitira wa sitolo ya mowa kapena woyendetsa takisi? Atinso kaundula wa malaisensi ndiye aulula obisala, pakuti nyumba yodzala anthu imene siipezeka m'kaundula yadzionetsa yokha.

Mbali zonse ziwiri ziri ndi coona cace. Laisensi yopanda woyendera ndi msonkho cabe, ndipo Khonsolo yolandira ndalama iyenera kuonetsa poyera nyumba zingati inaziyendera. Komanso kuyendera kopanda ndalama kulibe. Walira mvula walira matope.

ALIPIRA NDANI?

Lamulo la 2019, Tenant Fees Act, likaniza mwini nyumba ku England kulipiritsa mlendi ndalama zina zapadera kupatula zimene lamulolo lichula, monga lendi ndi cikole. Cotero sangabwere ndi pepala lakuti, "Nayi mbali yako ya laisensi." Mlendi wouzidwa zotere ali ndi ufulu wokana. Koma palibe coletsa mwini nyumba kuwerengera laisensi pamodzi ndi zoononga zace zina poika mtengo wa cipinda, ndipo ambiri amatero.

Nanga katunduyo ngwolemera bwanji? Pano pali citsanzo congoyerekeza. Laisensi ikhale ya £1,200, ya zaka zisanu, pa nyumba ya anthu asanu. Pa caka ndi £240, pa mwezi £20, ndipo pa munthu mmodzi £4 pa mwezi. Poyerekeza ndi lendi ya cipinda, imene m'mizinda yambiri iri mapaundi mazana angapo pa mwezi, ndi ndalama yaing'ono. Cimene cimadya ndalama zambiri si laisensi yeniyeniyo koma nchito zimene imakakamiza: zitseko zochinga moto, mabelu a utsi olumikizana, waya watsopano wa magetsi, ndi kutseka kacipinda kosakwana muyeso kamene kanali kubweretsa lendi. Tsono mwini nyumba akanena kuti lendi yakwera ndi £50 cifukwa ca Khonsolo, mlendi wanzeru ayambe wawerengera yekha.

CILANGO CA WOSALEMBETSA

Kubwereketsa nyumba yofunika laisensi popanda laisensi ndi mlandu. Kale faindi yace siinali kupitirira £20,000, koma kuyambira mu 2015 bwalo likhoza kugamula faindi yopanda malire. Mu 2017 makhonsolo anapatsidwanso mphamvu yolipiritsa okha cilango cofika £30,000 osapita ku bwalo, ndipo ndalama zace azisunga kuti zithandize nchito yoyang'anira nyumba za lendi.

Cimene alendi ambiri sacidziwa nciceci: amene anakhala m'nyumba yopanda laisensi akhoza kupempha bwalo laling'ono la milandu ya nyumba, lochedwa First-tier Tribunal, kuti mwini nyumba awabwezere lendi imene analipira. Kwa zaka zambiri malire ace anali lendi ya miyezi 12. Mu October 2025 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo latsopano, Renters' Rights Act, limene linakweza malirewo kufika miyezi 24, ndi cilango ca Khonsolo kufika £40,000.

Lamulo lomweli linatseka mpata wina umene ocenjera anali kupulumukirapo. Mwini nyumba amabwereketsa nyumba yonse kwa kampani kapena munthu wina, ndipo uyo ndiye aikamo alendi cipinda ndi cipinda. Zinthu zikabvuta, wa pakatiyo amazimirira. Mu 2023, pa mlandu wa Rakusen ndi Jepsen, Bwalo Lalikuru Koposa linagamula kuti alendi sangafune lendi yao kwa mwini nyumba weniweni, koma kwa amene anapangana naye yekha. Lamulo la 2025 linasintha zimenezi kuti mwini nyumba nayenso athe kuyankha mlandu.

CENJEZO KWA ANA A KUNO

Pali msampha umene umagwira anthu a mtima wabwino. Munthu wa kuno amene wakhalitsa ku Mangalande amacita lendi nyumba yonse, ndipo abale a ku chalichi kapena a kumudzi akafika amawapatsa zipinda, iwo namaponyako ndalama mwezi ndi mwezi. Kwao kumeneko ndi kulandira alendo, mwambo wolemekezeka. Koma pamaso pa lamulo munthu wolandira lendi kwa anthu a mabanja osiyana akhoza kuyesedwa woyendetsa HMO, ndipo cilango cikhoza kugwa pa iye. Mwini nyumba weniweni amene akhala m'nyumba mwace momwemo aloledwa alendi awiri osalowa m'gulu limeneli. Akaposa apo, ayambe wafunsa ku Khonsolo. Kufunsa kulibe mtengo, koma kusafunsa kwasaukitsa ambiri.

Kwa mlendi, njira iri yapafupi. Khonsolo iri yonse ilamulidwa kusunga kaundula wa nyumba za laisensi, ndipo munthu ali yense akhoza kumuona. Makhonsolo ambiri anamuika pa intaneti. Wofuna cipinda awerenge anthu okhala m'nyumbamo, aone ngati nyumbayo iri m'kaundula, ayang'ane belu la utsi ku denga, nayese ngati khomo loturukira litseguka m'kati popanda kiyi. Asunge kalata ya mapangano, ndipo alipire lendi kupyolera ku banki kuti umboni utsale. Lendi yoperekedwa pamanja popanda lisiti iri ngati madzi othiridwa pa mcenga.

Alendo ambiri aopa kudandaula, poganiza kuti dzina lao likamveka ku Khonsolo mapepala ao okhalira m'dzikomo adzaonongeka. Adziwe kuti kusowa kwa laisensi ndi mlandu wa mwini nyumba, si wa mlendi iai. Komabe nkoyenera kunena zoona zonse: woyendera akapeza kuti anthu aculuka kuposa muyeso, ciwerengero cidzacepetsedwa, ndipo wina adzayenera kufuna pogona pena, angakhale Khonsolo imapereka nthawi yokonzekera. Cifukwa cace munthu ayambe wapita kwa alangizi osalipiritsa, monga a Citizens Advice kapena a bungwe la Shelter, limene lakhala likuthandiza osowa nyumba kuyambira mu 1966. Akumbukirenso kuti Scotland, Wales ndi Northern Ireland ali ndi malamulo ao-ao. Ku Scotland laisensi iyambira pa anthu atatu, osati asanu.

Mkangano wa mtengo wa laisensi sudzatha msanga, pakuti palibe munthu alipira mokondwa, ndipo palibe Khonsolo imene inanenapo kuti ndalama zaikwanira. Eni nyumba ali ndi ufulu wofunsa kumene ndalama zao zipita, ndipo mabwalo a milandu aonetsa kuti akhoza kuwamvera. Koma makolo amene ali kuno, polankhula ndi mwana wao Lamulungu likudzali, asangofunsa za kuzizira ndi za ndalama zotumiza. Amfunsenso kuti m'nyumba mwacemo agonamo anthu angati, ngati nyumbayo iri ndi laisensi, ndi ngati adziwa poturukira moto ukabuka usiku.